Kaseti ya azungu a tsitsi lalitali

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za amuna anga, a Gelevazio, amene anagwa m'chigafa tikusoka fodya kwathu ku Bowe. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Ndinabwerera nawo kunyumba osalankhula, akungotiyang'ana.

Mtima wanga unakana za sitirokozo. Munthu wadzuka bwinobwino, n'kungouma pakamwa? Ndinakayikira alamu anga amene timalimbirana nawo malire a munda. Ndinakayikira ngakhale aneba obwera ndi phala, moti akachoka ndinkalitaya kuseri. Kenako ndikutembenuza matiresi ndinapeza kaseti. Pachikuto pake panali azungu aamuna a tsitsi lofika m'mapewa, odzola zakuda m'maso, atavala mathalauza othina achikopa. Ndinati basi, za satana zija ndi izi!

Amayi a kumphakati anagwirizana nane kuti tiiwotche akadzabwera kudzapemphera. Koma ine ndinafuna ndimve kaye chimene chinatseka pakamwa pa amuna anga. Ndinapemphera kolona ndikulira, ndikuti Ambuye ndionetseni mdani wanga. Ndinapukuta fumbi pa wailesi yathu yakale n'kuikamo mabatire a tochi.

Mayo ine, phokoso lake! Magitala ngati chigayo, anthu kukuwa ngati apsa ndi madzi otentha. Koma chakumapeto kunabwera nyimbo ina yofatsa, ndipo ndinamva mawu kuchokera pamphasa. A Gelevazio ankaimba nawo Chingerezi chimene ine sindichimva, misozi ikutsika. Itatha anati, "Bwezaniko, Nabanda."

Ndinagwada pomwepo.

Lero amalankhula, ngakhale mokoka lilime. Anandiuza kuti kasetiyo anawapatsa mzungu wa pa esiteti ina ali mnyamata. Akuti oimbawo anaiwalika kalekale, ndipo nyimbo yofatsayo ngakhale kwawo sinatchuke. Kasetiyo a Gelevazio ankaibisa poopa ine ndi pakamwa pangapa.

Sindikunamizani, nkhope za anthu aja sindizikhulupirirabe, ndipo chikutocho ndinachiwotcha ndithu. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera m'chinthu chimene ndinkafuna kuchiponya pamoto. Inu amene mukudwazika wanu ndipo simukumvanso mawu ake, musatope, pitirizani kupemphera. Ine m'mawa uno amuna anga andikalipira kuti tiyi wachepa shuga, ndipo ndayankha kuti aleluya.