Chingerezi cha pa Mzere wa Nyemba

A Atumani, amene kale ankaperekera zakudya ku hotela ya ku Nkopola, anadzilowetsa pa mzere wa othawa nkhondo cha ku Chiponde, ngakhale mfuti anali asanaimvepo kulira. Kutsogolo kwawo kunali mlamu wawo Jose, wothawadi ku Mozambique, ndipo a Atumani anaganiza zomusula asanafike kwa kalaliki wogawa nyemba.

"Alamu, akakufunsani muziti refugee. Mawu amenewa mumawadula patatu."

"Patatu?" Jose anadzidzimuka. "M'nyumba tilimo asanu ndi mmodzi. Atatu enawo adya chiyani?"

"Sindikunena nyemba! Mawu. Re. Fyu. Jii."

"Amenewo ndi ana a ndani?"

A Atumani anapukuta thukuta ndi kofia. Azungu anawatumikira zaka zambiri, sakanagonja kwa mlimi wa chinangwa.

"Tamverani. Chingerezi sichiyenda chofanana ngati Chiyao. Pali pamene mumapeputsa, pali pamene mumakanikiza. Apa mphamvu ili kumapeto."

Jose anacheuka, n'kuyang'ana kumchira kwa mzere.

"Kumapetoko ndikuonako nkhalamba zokhazokha. Mphamvu ili kuti?"

"Walahi! Kumapeto kwa mawu! Koyamba pang'onopang'ono, kenako kanikizani!"

Jose anaika dzanja pamsana pa mayi amene anali patsogolo pake, pang'onopang'ono, kenako n'kukanikiza. Mayiyo anamukhoma ndi beseni pachipumi.

"Chingerezichi chimapweteka, alamu."

"Ukanikize ndi lilime, munthu iwe!"

"Lilime? Ayi, mayiyu andipha."

"Mukakanikiza koyamba, palibe angakumveni!"

"Asilikali atatiotchera mudzi tinangokuwa. Anatimva mpaka kuno."

Anafika pa tebulo. Jose, chipumi chili tupu, anang'ung'udza mwachikwawo kuti "refujiyadu", kalaliki n'kumuthirira nyemba m'thumba osadzutsa n'komwe mutu.

A Atumani anakonza kolala, natulutsa chifuwa.

"Re-fyu-JII!"

Anakanikiza mpaka malovu anagwera m'nyemba. Kalaliki anaika chitini pansi, nawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Eee, bambo! Chingerezi chosalala chotere munachitola m'tchire muti? Awa ndi mawu a pahotela. Inu ndinu a konkuno. Tapatukani."

A Atumani anapatuka, thumba lili pepuu. Anayenda mwakachetechete pambuyo pa Jose, maso ali pa nyemba zimene zinkagwedera paphewa lake. Atafika pa mtengo wa mango, anamukoka malaya.

"Alamu," ananong'ona, "Lachisanu akugawanso mafuta ophikira. Tandiphunzitsani kulakwitsa."