Lole Imodzi Imene Sinabwerere ku Lowcroft

Malemu Bambo Trevor Holroyd anabadwa pa 9 Febuluwale 1948 m'tauni yathu ino ya Harnthwaite, m'nyumba za anthu a kumgodi, kuseri kwa njanji. Anali achitatu mwa ana asanu a Bambo Arnold ndi Mayi Elsie Holroyd. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Colin, mng'ono wawo, chitsirizira m'banjamo. Abusa, alamu anga a Maureen, akuluakulu a kalabu, ndi inu nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, mundikhululukire ndikanena zina zosazolowereka m'tchalitchi. Malemuwa anandilamula kuti ndisabisepo kanthu. Ndakhala ndikuwaopa moyo wanga wonse, ndiye sindingayambe mwano lero.

Sukulu anayamba mu 1953 ndipo anaisiya mu 1963 ali ndi zaka 15. Aphunzitsi sanawadandaule, iwonso sanacheuke. Lolemba lotsatira anatsika mumgodi wa malasha pambuyo pa bambo athu. Mu 1966 analowa timu ya mpira wa ragibi ya Harnthwaite, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi anasewera kutsogolo, kumene anthu amagundana ndi mitu. Mphuno yawo inathyoka katatu, n'chifukwa chake inkaloza kwina iwo akupita kwina. Bambo athu ankaima mbali ya kunjanji pa bwalo la Lowcroft, ndipo achimwene akagwetsedwa pansi ankafuula mawu omwewomwewo: "Dzuka, Trevor, sunafe!" Panalibe munthu m'tauni muno wosawadziwa mawu amenewo.

Pa 12 Juni 1971 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Maureen Gledhill m'tchalitchi momwe muno. Mu 1979 bambo athu anatisiya. Monga timachitira kuno ndi munthu wokonda timu yake, thupi litawotchedwa tinakawaza phulusa lawo pa udzu wa Lowcroft, kutsogolo kwa malo amene ankaima paja. Sanali oyamba. Chiyambire nthawi ya agogo athu, anthu oposa mazana atatu agona m'bwalo lija popanda chiliza, aliyense kumbali imene ankaikonda.

Mgodi utatsekedwa mu 1985, malemu anagula chimakina chokumbira n'kuyamba ntchito ya ngalande za m'misewu. Iwo zinawayendera, koma timu inkalowa pansi chaka ndi chaka. Pofika 2010 inali kumchira kwa ligi yotsiriza. Denga la pokhala anthu linkadontha, osewera abwino anatithawa, ndipo mvula ikagwa bwalo linkasanduka dambo. Akuluakulu a ligi anachenjeza kuti likapanda kukonzedwa, timu ichotsedwa. Anthu anasankha malemu kukhala wapampando, ndipo tinene zoona, panalibenso wina amene ankaufuna mpandowo. Anakhoma denga ndi manja awo, anapeza mphunzitsi watsopano, anayenda khomo ndi khomo kukaitana ana a anzawo a kumgodi kuti abwerere kudzavala malaya a makolo awo.

Tsopano ndafika pamene anandiuza kuti ndisalumphe. Mu Novembala 2011, nyengo ya masewero itatha, malemu analowetsa chimakina chawo m'bwalo. Anapala udzu wonse ndi dothi lapamwamba kuti aike mapaipi a madzi, ndipo malole makumi anayi anakataya dothilo kudzenje lakale la miyala, kuphiri la Scarth. Mayi Edna Crowther, amene ankatiphikira tiyi pa kalabu, anaima pachipata malole akutuluka, n'kufunsa kuti, "Trevor, amuna anga mwawakweza lole iti?" Malemu anaseka. Anati dothi ndi dothi basi, ndipo akufa sathamanga ndi mpira. Ine ndinali pomwepo, ndinaseka nawo, ndipo ndikuchita nazo manyazi mpaka lero. Tonse awiri sitinaganizeko kuti bambo athu anali m'gulu la okwezedwawo.

Mu 2012 tinali ndi bwalo lokongola kuposa onse m'chigawo chino, koma chaka chonsecho sitinapambane pakhomo ngakhale kamodzi. Kwa eni ake tinkapambana bwinobwino. Osewera ankadandaula kuti pa Lowcroft sakutimva tikamawachemerera, ati ankangoona pakamwa pathu pakutseguka. Mbalame zimene zinkadzaza bwalo m'mawa zinasiya kuterapo. Galu wa amene ankatchetcha udzu ankafika pamzere woyera n'kukhala pansi, osawoloka, ngakhale umuponyere nyama. Ife tinkati mwina ndi mankhwala a udzu.

Mu Ogasiti chaka chomwecho, a Raistrick, oweta nkhosa ku Scarth, anabwera ku kalabu ali okwiya. Anafuna kudziwa kuti ndani amasonkhanitsa anthu kudzenje kuja Lamulungu masana, chifukwa ikangokwana 3 koloko kunkamveka chinamtindi cha anthu akufuula, nkhosa n'kumwazika. Akapita kukasuzumira, ankangopeza milu ya dothi. Anaona kuti zimachitika pa masiku okhawo amene timu ikusewera pakhomo.

Lamulungu la pa 2 Sepitembala malemu sanabwere kumasewero. Anakwera ku Scarth okha, dzuwa likuswa mtengo. Anabwerako nsapato zili matope okhaokha, mawondo a buluku atang'ambika, ndipo kwa masiku awiri sanalawe chakudya. Alamu anga okha ndi amene anauzidwa. Akuti anaterereka pamulu wa dothi n'kugwa chafufumimba, ndiye ali chigonere anamva wina kumbali ya madzi a pansi pa dzenjelo akuwafuulira kuti adzuke, sanafe.

Nyengo yozizira ya kumapeto kwa chaka chimenecho malemu anaitana tauni yonse. Anakana kugwiritsa ntchito makina, nati sangawatole makolo a anthu ngati zinyalala kachiwiri. Tinapita ndi mafosholo, ndowa ndi mawilibala, amuna ndi akazi omwe, manja atauma ndi chisanu. Tinabweza dothi lija n'kulimwaza mopyapyala pa udzu watsopano. Ena ankayenda ndi ndowa zawo akutchula mayina. Ntchitoyi inatha mu Januwale 2013, koma dothi la lole imodzi silinabwerere. Inali lole yoyamba, ya mbali ya kunjanji, ndipo dalaivala anakhuthulira m'madzi akuda a pansi pa dzenjelo, amene kuya kwake palibe akukudziwa. Mmenemo ndi mmene munatsala bambo athu, amuna awo a Mayi Crowther, ndi ena amene ankaima mbali imeneyo.

Mu Malichi 2013 tinapambana pakhomo, galu uja anawoloka mzere, ndipo mu 2016 timu inakwera ligi. Lero pa Lowcroft pamadzaza. Koma malemu sanaonererenso masewero a pakhomo, ngakhale tsiku lokwera ligi lija. Timu ikamasewera, ankatenga kawailesi, kampando kopinda ndi tiyi wa mufulasiki, n'kukakhala m'mphepete mwa madzi aja kuti otsalawo amve mmene zikuyendera. Ine ndinkawanena kuti ndi wapampando yekhayo m'dziko muno amene amathawa timu yake ikuchita bwino. Iwo ankangonyamula kawailesi kawo n'kumapita. Ndinawaperekezako kamodzi kokha. Sindinena kuti ndinamva kanthu, koma sindinabwererekonso.

Mu 2021 fumbi la mumgodi lija linayamba kuwavuta m'mapapo. Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Julaye chaka chino. Masiku otsiriza ankapempha anamwino kuti atseke zenera chifukwa cha phokoso, pamene zenera linali lotseka kale. Lachitatu masana anagwira dzanja la akazi awo n'kunena kuti, "Akundiuza kuti ndidzuke, koma Maureen, ndatopa." Anamwalira Lachinayi pa 13 Julaye 2023, nthawi ili 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 75.

Lolemba lotsatira a Raistrick, amene uthenga unali usanawafike, anaimba foni kunyumba. Anati akondwa kuti a Trevor achira, poti dzulo lake wailesi inamveka kudzenje mpaka masewero kutha. Alamu anga anayankha foniyo ataima kukhitchini, akuyang'ana kawailesi kaja pamwamba pa kabati.

Kalabu inapempha kuti phulusa la malemu likawazidwe pakati penipeni pa Lowcroft, ndipo banja likuthokoza chifukwa cha ulemu umenewo. Koma eni ake anakana ali moyo. Anati amene anatulutsa anthu pachipata sangakagone pabwino ena ali m'madzi. Choncho Lamulungu likudzali, 3 koloko isanakwane, tidzawaperekeza ku Scarth. Amene mtima ukuwalola abwere, ndipo avale nsapato zolimba.

Malemu asiya akazi awo a Maureen, ana awiri, a Janice ndi a Stuart, zidzukulu zisanu, mlongo wawo Mayi Brenda, ndi ine. Banja likuthokoza abusa ndi mpingo, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, osewera amene anyamula bokosi, amayi amene akonza tiyi kuholo ya kalabu, a Raistrick potitsegulira njira ya m'munda mwawo, ndi aliyense amene ananyamulako ndowa chaka chija.

Achimwene, munagwa kambirimbiri ndipo nthawi zonse munkadzuka. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ndipo inu bambo, mwana wanu akubwera Lamulungu. Ulendo uno musamudzutse, musiyeni agone.