Batire la Njinga ya a Venansio

Ine, Filomena Alufandika, wa zaka 41, wochokera m'mudzi wa Chapinga m'boma la Nsanje, wokhala ku Ndirande, wogulitsa nsomba zouma mumsika, ndikunena izi kuno kupolisi lero Lachinayi pa 25 Febuluwale 1999.

Malemu Venansio Alufandika anali amuna anga. Miyendo yawo inafa mu 1995 atagwa pa lole ya matabwa. Chaka chotsatira masisitere a kuparishi anawapatsa njinga ya olumala yoyendera batire. Batirelo linali lalikulu ngati la lole, ndipo linkakhala m'bokosi lotseka pansi pa mpando. Chogwirira chake chitaduka, ndinamangapo nsanza ya chitenje changa chobiriwira cha maluwa achikasu.

Amuna anga njingayo ankaidziwa kuposa mmene ankandidziwira ine. Batire likadzadza linkawafikitsa kutchalitchi, makilomita atatu kutsidya kwa mtsinje wa Nasolo, n'kuwabweza kunyumba moto utatsalako. M'nyengo yozizira linkafooka msanga. Chitunda, matope, tayala lophwa, katundu pamiyendo, zonsezi ankati zimadya moto. Ngakhale dengu langa la nsomba ankakana kundinyamulira.

Loweruka lililonse mng'ono wawo Dennis ankatenga batirelo pawilibala kukatchajitsa kwa a Blackson, pafupi ndi msika, n'kudzalibwezera yekha m'bokosi. Dennis ali ndi chimkuzamawu chomwe amayenda nacho m'misonkhano ya chipani. Batire lake ndi laling'ono, ndipo ankadandaula kuti limamuyalutsa, limatha mlendo wolemekezeka asanayankhule. Kawiri konse anapempha la akulu ake. Kachiwiriko ndinalipo, ndipo amuna anga anati: "Iwe Dennis, imeneyi ndi miyendo yanga. Unaonapo munthu akubwereketsa miyendo?"

Lamlungu pa 21 tinapita ku misa yachiwiri, iwo panjinga, ine wapansi. Popita n'kotsetsereka kwambiri, choncho sitinaone vuto. Potuluka kunja kunali kutada, kuphiri mvula ikugwa kale. Anthu anatiuza kuti tidikire. Amuna anga anakana, anati batire latchajidwa dzulo lomwe, tifika mvula isanatipeze.

Mvula inatipeza tikuyandikira kamlatho kotsika ka pa Nasolo. Msewu unali matope okhaokha. Njinga inayamba kulira mwachilendo, ikuyenda ngati yodwala. Titafika pakati pa kamlathoko inaima. Amuna anga anayesa kangapo, osatheka. Anandiyang'ana nati: "Mayi a Maggie, batire ili si langa."

Ndinakankha. Njingayo moto ukatha matayala ake amalimba, ndiye ndi yolemera, iwonso anali munthu wathupi. Ndinayesa kuwabereka, tinatsala pang'ono kugwera limodzi mumtsinje. Madzi anali atayamba kudutsa pamwamba pa kamlatho, akundifika m'akakolo. Iwo anati: "Thamangani mukaitane azibambo. Mundipeza pompano, nanga ine ndingathawire kuti?" Ananena akuseka.

Ndinathamanga kukwera chitunda ndikukuwa. M'nyumba zoyamba munali ana ndi agogo okhaokha. Akuluakulu onse anali kumsonkhano wa chipani kubwalo la mpira, atabisala m'makonde, chimkuzamawu chikuimba nyimbo za kampeni mpaka kumveka kumtsinje. Mawu anga sanamveke. Ndinachita kukoka amuna awiri malaya. Pamene tinkafika, kamlatho sikankaoneka, panali madzi ofiira okhaokha.

Thupi linapezeka Lolemba m'mawa, kumunsi, litakodwa m'nsungwi. Njinga inavuulidwa masana. Apolisi atatsegula bokosi ine ndikuona, munali kabatire kakang'ono, komangirira ndi malegeni kuti kasagwedere. Dennis anauza apolisi kuti anachita kupatsidwa kameneko ndi a Blackson, iye sanayang'anitsitse. A Blackson anamangidwa tsiku lomwelo. Ndinamva kuti anyamata anagenda malata a nyumba yawo, akazi awo n'kuthawa ndi ana. Inenso ndinawatemberera pamaso pa anthu.

Maliro anali dzulo, Lachitatu. Monga zimakhalira kwathu kuno, panafunika chimkuzamawu cha kwaya ndi cha olengeza chipepeso. Dennis anabweretsa chake, anachiika patebulo lofunditsa nsalu yofika pansi. Iye yemweyo anayankhula m'malo mwa abale. Anati: "Wakuba amene wapha achimwene anga, Mulungu amuone." Analira, anthu analira naye.

Nthawi yoona nkhope itakwana, ndinagwa pafupi ndi tebulolo. Dzanja langa linakoka nsalu ija. Pansi pa tebulo panali batire lalikulu, mawaya a chimkuzamawu atalumikizidwa, pachogwirira pali nsanza yobiriwira ya maluwa achikasu. Mfundo zake ndinamanga ndine. Chitenje chomwe ndinang'ambako chili m'sutikesi kunyumba, mukhoza kukayerekeza.

Ndinadzuka n'kumuyang'ana Dennis. Anayang'ana kumbali. Mtima unandiwawa kuposa tsiku la kumtsinje, koma sindinafune kusokoneza mwambo wa amuna anga. Pobwerera ndinakwera lole yonyamula zida, ndinalikhalira batirelo njira yonse. Dennis anabwera n'kundinong'oneza kuti: "Alamu, nkhani za m'banja izi, tikambirana. Ndimati ndibweza madzulo ake omwewo."

Batirelo ndabwera nalo pawilibala yomwe ija, lili pakhomo panu apo. A Blackson muwatulutse, ndikawapepese ndekha. Dennis simuvutika kumufuna, ali pamasiye, akulandira anthu odzapepesa.

Pali chinanso choti mulembe, bwana. Kuchokera pakamlatho kufika pakhomo pathu sipakwana kilomita imodzi. Batire la amuna anga dzulo linaimba kuyambira m'mawa mpaka dothi lomaliza kumanda, ndipo moto sunathe.

Zomwe ndikudziwa ine ndi zimenezi. Andiwerengera, ndipo ndi mawu anga.

Wosaina: Filomena Alufandika