Ndowa zoboola za bambo Wendell Purkey

Malemu bambo Wendell Purkey anabadwa pa 9 Marichi 1944 ku Bakersfield, m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anailekera ku sekondale mu 1961, bambo awo atathyoka msana kuntchito. Pa 14 Juni 1968 anakwatira akulu anga, mayi Lorna, omwe anatisiya mu 2015. Ine ndine Geneva, mlamu wawo. Malemuwa anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu, osagundapo ngakhale galu.

Mu 2021, moto utatentha phiri la kuseri kwa tchalitchi chino, tinabwera ambiri kudzabzala mitengo ya thundu 60, mtundu womwe uja unali pano makolo athu asanafike. Tinajambulitsa, tinadya masangweji, tinabalalika. Amene anabwererako ndi malemu okha. Chilimwe chonse, Loweruka lililonse, ankakwera ndi madzi pagalimoto yawo yakale, kuthirira, kuzula udzu ndi kukonza mawaya otchingira agwape. Zaka ziwiri sipanafe mtengo ngakhale umodzi.

Mu Juni chaka chino anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mapapo. Sanandipemphe china koma kuthirira. Kugalaja kwawo ndinapeza ndowa khumi ndi ziwiri, iliyonse yoboola pansi. Ndinazitaya, ndinagula zatsopano. Ndinkakhuthula madzi patsinde n'kupita pa mtengo wina. Sindinadziwe kuti anaziboola dala ndi msomali, kuti madzi azidontha pang'onopang'ono mpaka kufika kumizu. Anga ankangotsetsereka ndi phiri.

Nditapita kukawaona anandifunsa kuti ntchitoyo imanditengera nthawi yaitali bwanji. Ndinayankha monyadira kuti ola limodzi basi. Iwo inkawatengera tsiku lonse. Anati, "Mlamu, mtengo sumwa choimirira ngati mmene mumamwera khofi inu." Anaseka, koma misozi inali m'maso. Pofika nthawi imeneyo mitengo 19 inali itauma kale. Sanandifunse nambala, ndipo ine sindinawauze.

Anamwalira Lachiwiri pa 22 Ogasiti 2023, ali ndi zaka 79. Asiya ana awiri, Dale ndi Marcy, zidzukulu zisanu, ndi mchemwali wawo mmodzi, mayi Opal. Banja likuthokoza anamwino, abusa, amayi amene aphika, ndi bambo Ignacio Tafoya amene anandiboolera ndowa zatsopano zija osandinyoza. Mzimu wa bambo Wendell uuse mumtendere.

Mitengo yatsala 41, ndipo mvula sibwera mpaka Novembala. Mawondo anga atha. Pakhomo pali pepala ndi cholembera. Musalembe dzina chifukwa lero mwalira. Lembani ngati Loweruka mubweradi, ndipo mukhala pomwepo mpaka ndowa ithe yokha. Ine ndinafulumira. Chonde, inu mukachite bwino kuposa ine.