Mkamwini wa ku I

A Rodrick anali atavala kale yunifolomu, akumwa tiyi moimirira m'khitchini mwawo ku Bolton kuti basi ya shifiti ya masana isawasiye, pamene Alinane, mwana wa mlongo wawo, analowa mano onse ali pamtunda kudzawapempha kuti akhale nkhoswe yake. Tsoka ilo, mnyamata amene ankafuna kumukwatirayo kwawo kunali ku France, m'kamudzi ka alimi komwe dzina lake lonse ndi chilembo chimodzi, Y, chomwe eni ake amachitchula kuti "I", ndipo Alinaneyo ndikuuzeni ndi mwana woti ukamutuma kukaona ngati mkaka ukusefukira pamoto, amakaonadi, n'kubwera kudzakuuza kuti ukusefukira.

"Unkhoswe? Ine?" A Rodrick anaomba m'manja, chimwemwe chodzaza tsaya. Chibwerereni m'dziko lozizirali, unkhoswe wa maukwati onse a ku tchalitchi unkangopita kwa mnzawo wa mumpingo, a Mubita, iwo n'kumangopatsidwa ntchito yosanja mipando. "Khala pansi, mwana wa Ennie. Mayi ako ku Ntcheu adzamvera mawu anga. Ndikati ee, chinkhoswe chilipo. Ndikati ayi, ndiye kuti ayi. Dzina lake ndani?"

"Baptiste."

"Za mpingo tifika. Dzina kaye."

"Baptiste, malume."

"Ndamva, wa Baptist, palibe vuto, Mulungu ndi mmodzi. Koma makolo ake anamutcha ndani?"

"Anamutcha ndi makolo akewo. Iye ndi wa Katolika."

A Rodrick anatsitsa kapu pang'onopang'ono. "Wa Baptist wa Katolika?"

"Ee."

"Lamlungu amaligawa bwanji?"

"Lamlungu nthawi zambiri amakhala pa ntchito. Ndi nesi ku Manchester."

"Tisiye pomwepo. Tiye ku mudzi." Apa a Rodrick anakoka mpando n'kukhala, nkhope itasintha. Anali asanaiwale za mtsikana wina wa ku Bradford amene anakwatiwa ndi mwamuna wongoti kwawo n'ku London. Mwamunayo atasowa, akuchikazi anasowa ndi khomo lomwe lokagogoda. Zimenezo ankaziopa kwambiri, ndipo analumbira kuti mwana wa mlongo wawo sizidzamuonekera. "Mudzi wake ndi uti?"

"I."

"Usachite manyazi, ndine malume ako."

"I, malume."

"Iii chiyani? Ndi woipa choncho mudziwo?"

"Ayi, ndi wokongola. Minda yokhayokha, yosalala mpaka maso kutopa."

"Tsono dzina lake?"

"I."

"Wayambanso! Kukongolako n'kumene kukukuliritsa?"

"Sindikuti iii, malume. Ndikuti I. Yaifupi."

"Yaifupi, yaitali, kudandaula n'kudandaula basi. Anakumenyako?"

"Sanandimenye. Anandipatsa tchizi."

Poona kuti pakamwa pakanika, Alinane ananyamuka n'kupita pa windo lomwe linali litachita nthunzi ya ketulo. Analemba ndi chala chilembo chachikulu: Y. Kenako anaima pambali, manja kumbuyo, ngati mwana amene wakhoza masamu pa bolodi.

A Rodrick anavala magalasi. Anawavula. Anawavalanso.

"Why?" anawerenga. "Why! Alinane, ndinakubereka kumsana ine popita ku sikelo, lero ukundifunsa why? Pa windo langa?"

"Si why, malume."

"Because ndine nkhoswe! Because! Chizungu nanenso ndimachitha!"

"Ndi I imeneyo."

"I? Sukulu ndinapitako ine. I ndi ndodo yowongoka. Imeneyo ndi legeni!"

"Ku France amatero."

"Ku France azitero, kuno ndi ku Bolton." Anapukuta windolo ndi mkono wa yunifolomu. "Chabwino, tizungulire mbali ina, mbuzi ikakana pakhomo timailowetsera kuseri. Tauni yoyandikana nayo ilipo?"

"Ilipo. Ham."

"Hamu?"

"Ee."

"Hamu amene ndimaika pakati pa buledi wa nkhalamba zimene ndimasamalira ku ntchito?"

"Kalembedwe kake ndi komweko."

"Ndiye mudzi wolira, tauni ya nkhumba. Ambuye ndigwireni. Anthuwo amalima chiyani?"

"Tirigu, mbatatesi ndi shuga."

"Nzimbe, ukutanthauza."

"Nzimbe kulibe. Shuga wawo amakumba pansi. Zimakhala ngati mbatata zoyera, zikuluzikulu ngati mutu wa mwana."

Eee, apa ndiye anaponda pa chilonda. A Rodrick unyamata wawo wonse anaudulira nzimbe ku Nchalo, ndipo nkhani ya shuga sankalola kuti wina awaphunzitse.

"Taona manja awa!" anatambasula zikhatho. "Matuza ake sanathe mpaka lero. Shuga amamera chokwera, amadula ndi chikwanje, amayabwa. Shuga sakumba! Akunamiza mnyamatayo, ndipo iwe ndi madigiri ako awiri wangomeza."

"Shuga wambiri wa m'sitolo za kuno ndi wokumba yemweyo, malume. Mwina ndi amene mwathira mu tiyimo."

A Rodrick anayang'ana kapu ija ngati yawatukwana, n'kuikankhira kutali.

"Mfumu," anatero ndi mawu otsika. "Mudzi uliwonse uli ndi mfumu. Ndipatse dzina la mfumu, ine ndikhutira."

"Kulibe mfumu. Amasankha meya."

"Anthu ake ndi ochuluka bwanji?"

"Angakwane m'basi ziwiri."

"Basi ziwiri, meya! Nanga mfumu inapita kuti?"

"Ku France mfumu anaidula mutu kalekale."

"Anaidula chiyani?"

"Mutu. Pagulu."

Dzanja la a Rodrick linapita lokha pakhosi. "Nanga ankhoswe amawatani?"

"Sindinafunse."

"Sunafunse! Ukunditumiza kwa anthu odula mafumu, osafunsa n'komwe!" Anaimirira, anakhala, anaimiriranso. "Nyumba ya agogo ake ilipo? Yakale, yoti munthu angaloze kuti mtundu wathu unachokera apa?"

"Inagwa. Mudzi wonse unaphwasuka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anthu atabwerera anamanganso, ndi tchalitchi chomwe."

"Ndiye kuti mudziwo kunalibe."

Alinane anaganiza kaye, chifukwa bodza sadziwa. "Kwa kanthawi kunalibedi."

"Ehe! Wavomera wekha!" A Rodrick anamenya tebulo, supuni n'kudumpha. "Ndimadziwa ine! Chabwino, kuchimuna talephera. Ife timatsata kuchikazi. Mayi ake kwawo n'kuti?"

"Ee."

"Ee, kwawo. N'kuti?"

"Ee."

"Ukuvomera chiyani? Sindinanene kanthu!"

"Sindikuvomera, malume. Ndi ku Netherlands, mudzi wa Ee. Midzi iwiriyi ili pa ubale chifukwa cha maina awo aafupi. Mayi akewo anabwera kudzacheza, n'kuonana ndi bambo ake."

A Rodrick anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kuseka kunkawabwerera, koma anakumeza, poti nkhoswe siseka pa mlandu.

"Bambo wa ku Iii," anawerenga pa zala, "anakwatira mayi wa ku Eee. Mwanayo anabadwira ku Aaa?"

"Ayi. Ku Amiens."

"Ameni! Watseka wekha pemphero, nanenso ndatseka." Anasolola foni m'thumba. "Ndikuimbira mayi ako pompano. Ndiwauza kuti mnyamatayo mpingo ali nayo iwiri, mudzi alibe, shuga amakumba ngati mbewa. Yankho ndi ayi."

"Malume!" anatero Alinane, kumwetulira konse kuja kutathawa. "Ndimamukonda. Ndipo ndinakana a Mubita, ndinati nkhoswe yanga ndi malume anga basi."

Chala cha a Rodrick chinaima m'malere. Anakana a Mubita! Mtima wawo unasungunuka ngati majarini pa chiwaya, ndipo zinawapweteka kuona mwanayo misozi ili lengelenge. Unkhoswe ankaufuna, mwanayo ankamukonda, koma kuimira munthu wosadziwika kwawo, ayi ndithu.

"Muimbire," anatero. "Ndimve pakamwa pake. Mwina iwe ndi amene uli ndi vuto la lilime."

Alinane anaimba n'kuika foni patebulo kuti onse azimva. Baptiste anali ataphunzira Chichewa miyezi ingapo, mawu amodziamodzi, ndipo ankawasunga ngati mazira.

"Muli bwanji, malume?" anatero mawu a pafoni, mosamala. "Ndine wokondwa kwambiri."

A Rodrick anatembenukira kwa Alinane, maso ali tong'o. "Akulankhula! Ulemu wake taumva!" Anakonza kolala ngati mnyamatayo akuwaona. "Ndili bwino, mwana wanga. Funso langa ndi limodzi. Mudzi wako dzina lake ndani?"

"I, malume."

"Nayenso akudandaula!"

"Pepani, malume?"

"Tamvera, mnyamata. Mudzi umakhala ndi dzina loti ukalitchula munthu amadziwa poyambira ndi pothera. Dzina la mafupa. Loti ukafika pa depoti n'kulitchula, kondakitala amangoti kwerani. Osati kamawu kongotuluka munthu akaponda minga."

"Ndamva, malume," anatero Baptiste modzichepetsa. "Ndikufuna kuphunzira. Mudzi wanu dzina lake ndani?"

A Rodrick anatulutsa chifuwa. Apa ndiye panali pawo.

"Kaya!" anatero monyadira, poti ndi dzinadi la mudziwo, lochokera kwa agogo awo a Kaya amene anayamba kugwetsa mitengo kuseri kwa phiri ku Ntcheu.

Baptiste anafunsa modabwa:

"Simudziwa, malume?"

"Ndikudziwa! Ndikuti Kaya!"

"Alinane," mawu aja anatsika, "kaya si kunena kuti sindikudziwa?"

"Ndi choncho," anatero Alinane.

"Iwe! Mufotokozere bwinobwino!"

"Wandifunsa tanthauzo, malume."

"Mnyamata, tamvera! Mudzi wanga, Kaya! Mfumu yanga, Kaya! Agogo anga, Kaya!"

"Iii," anatero Baptiste, ulendo uno yaitali ndithu. Kenako analankhula Chifalansa chothamanga, mawu ake odzaza chisoni. Alinane ankangogwedeza mutu.

"Akuti chiyani?" a Rodrick anamukoka dzanja. "Akuti chiyani, mwana iwe?"

"Akuti pepani kwambiri, malume, koma tifune nkhoswe ina. Akuti ukwati ndi chinthu chachikulu, sangaupereke m'manja mwa munthu wosadziwa kwawo."