Dzina Limene Linavala Chitenje

Zaka zimenezo, ine ndikadali ndi tsitsi lonse ndi mano onse, ndipo agogo anu aakaziwa, a Nabanda, akusenzabe mtolo wa mikangala yoyanikira fodya osapumira panjira, munthu sankatchula dzina la mwana amene sanabadwe. Manja apitirize kusankha fodyayo, ine ndikufuna makutu okha. Inu a Kondwani, ikani kaye foniyo pansi. Kuyambira m'mawa muno m'chigafa ndakhala ndikukumvani inu ndi mkazi wanu, mdzukulu wangayu Tadala, mukuwerengerana mayina a m'foni, ena oti ine nditawayesa lilime likhoza kubinya, ndipo ndamvanso kuti kuchipatala anakuonetsani kale pa kanema kuti amene akubwerayo ndi wamkazi. Ife kale tinkadikira azamba atuluke m'nyumba ndiwo atiuze. Koma panali munthu mmodzi amene kudikirako kunamukanika, ndipo munthuyo anali bambo anga.

Dzina lawo anali a Paulo. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, ndipo tinabwera kuno pa lole yotenga matenanti, ine ndili mnyamata, mayi anga atamwalira kale, n'kufikira pa esiteti ina cha ku Nkhamenya konkuno. Bambo anati tilima zaka ziwiri zokha tibwerera, koma zaka ziwirizo zinabereka zinzake mpaka imvi zinawapeza ali m'mizere ya fodya. Inu amene munabadwira pamalo anuanu simungadziwe mmene mtima wa tenanti umakhalira, chifukwa munda si wako, nyumba si yako, chigafa si chako, ngakhale khasu limene wagwira lili ndi mwini wake. Tsiku lina tikusoka fodya anandiuza kuti, "Yosefe, ine pano ndilibe kanthu. Ndikafa lero, chaka chamawa m'nyumba muno mugona munthu wina amene sanandimvepo. Changa ndi dzina lokhali, ndipo ndikufuna ndilisiye kwa munthu ndisanapite."

Ndiye nditakwatira a Nabanda, mwana wa konkuno, ndipo zitayamba kuoneka kuti ali ndi pakati, bambo anga anachita zimene zinasiya amayi a pa esiteti kukamwa kuli yasa. Anapita kwa telala ku Nkhamenya n'kukasoketsa kakabudula ka khaki, kakang'ono ngati chikhatho changachi, ndipo pobwerera ankakaonetsa kwa aliyense panjira akuti, "Aka n'ka Paulo." Anapatulanso tambala wofiira, chifukwa mwambo unali wakuti munthu akapatsa mwana dzina lake amamupatsanso nkhuku. Amayi achikulire anawadzudzula kuti zimenezo n'zoitana tsoka, koma bambo anga akaganiza chinthu ankaiwala kuti ali ndi makutu.

Anabadwa mwana wamkazi. Atatuluka m'chikuta, mchombo utagwa, bambo anamuyang'ana bwinobwino, anatsokomola pang'ono, n'kunena kuti dzina lake ndi Dikirani. Ndi mayi ako aakulu aja a ku Lisasadzi, Tadala, ndipo tsopano wadziwa chimene tinkadikira. Wachiwiri anabadwanso wamkazi, ndipo popeza inali nthawi ya akuchikazi, apongozi anga anamutcha Chisomo. Wachitatu, wamkazinso, ndipo bambo anga osaphethira n'komwe anati Tiyesenso. Musaseke, a Kondwani, ankauza ine zimenezo, pamaso pa anthu. Tambala wofiira uja anakalamba akudikira Paulo mpaka anafa yekha ndi ukalamba, ndipo mwana wake ndiye analowa m'malo pa udindo womwewo.

Pamene mimba yachinayi inkafika, bambo anali atayamba chifuwa chosamva mankhwala, khasu atalisiya, akungokhala pakhonde kuyang'ana anzawo akupita kumunda. Kabudula uja ankamutulutsa m'bokosi, kumuyanika padzuwa kuti njenjete zisamudye, n'kumupindanso. Tsiku limene azamba anandiuza kuti wabadwanso wamkazi, ndinazungulira chigafa kawiri ndisanalimbe mtima wokafika pakhomo pawo. Nditawauza sanakalipe, sanasekenso monga ankachitira, anangoti, "Chabwino," n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinamva bokosi lija likutsekedwa. Ndikuuzeni zoona, ana inu, ndinamva chisoni chachikulu, ndipo pamwamba pa chisonicho ndinali ndi manyazi opusa, ngati kuti mwana wathanzi amene anali m'nyumba mwangayo anali mlandu.

Mwanayo anatuluka m'chikuta, akuchikazi anamutcha Malizani, koma iye dzinalo sanalilandire. Ankalira m'mawa, ankalira masana, ankalira pa bere, ankalira kumsana, mpaka agalu a pa esiteti anasiya kuuwa poona kuti ntchito yawo yapeza wina. Masiku ano mukanathamangira kuchipatala, ndipo n'zabwino, muzithamangira ndithu, koma nthawi imeneyo amayi achikulire anangoyang'anana n'kunena kuti mwanayu akulirira dzina.

Apa ndi pamene agogo anuwa anaonetsa kuti kufatsa kwawoku n'kwa pamaso pokha. Iwo ku kalasi ya ubatizo imene tinkapita limodzi anali atamva akatekisiti akufotokoza kuti mayina ena achikhristu amayenda awiriawiri, lachimuna ndi lachikazi, ndipo anasunga zimenezo mumtima osauza munthu. Koma vuto linali lakuti mkazi wokwatiwa sankatchula dzina la apongozi ake aamuna, ngakhale kutulo, ndiponso sankayankhula nawo maso ndi maso. Ndiye anandikoka dzanja mpaka pabwalo la bambo, iwo n'kugwada chapatali ngati apo pali belo la fodyalo, nkhope atalozetsa kumbali, mwana akulira kumsana, n'kuyamba kuyankhula ndi ine mokweza mawu, chonsecho mwiniwake wa nkhaniyo ali pakhonde pomwepo.

"Abambo a Dikirani, kawauzeni apongozi kuti dzina lawo lili ndi mlongo wake."

Ine ndinatembenuka n'kunena kuti, "Bambo, akuti dzina lanu lili ndi mlongo wake."

"Ndamva, sindine gonthi. Mlongo wake ndani?"

A Nabanda anandiyang'ana ndi diso lija mukulidziwali, ndipo ine ndinakumbukira za akatekisiti n'kunena kuti, "Paulina."

Bambo anatsokomola nthawi yaitali, ndipo atapeza mpweya anati, "Kamuuze mkazi wako kuti ine ndinasoketsa kabudula. Akufuna dzina langa livale chitenje?"

"Kawauzeni apongozi," anatero agogo anuwa, "kuti ine amanditcha Nabanda, ndipo bambo anga a Banda sanadandaulepo kuti dzina lawo lavala chitenje. Kawauzeninso kuti asankhe okha, livale chitenje liziyendayenda pabwalo pano, kapena ligone m'bokosi limodzi ndi kabudula."

Mawu omalizawo ine sindinawabwereze ayi, moyo ndinkaufunabe. Ndinaima pakati pawo ngati mzati wa chigafa, mwana akulira, mpaka a Nabanda anadzuka, anawomba m'manja mwaulemu wonse ngati sananene kanthu, n'kumapita.

M'mawa mwake, mame asanaume, tinangoona bambo akubwera pang'onopang'ono, ndodo kudzanja ili, tambala kukhwapa uku. Anakhala pamphasa, anapempha mwana, anamuika pachifuwa chawo chotsokomolacho n'kumusisita kumsana, ndipo anati, "Paulina. Tonthola mnzanga, ndabwera nalo." Mwana uja anatonthola nthawi yomweyo. Tsono ine ndinali pafupi, ndipo ndinamva ndi makutu angawa kamphepo kamene kanatuluka m'mimba mwa mwanayo asanatonthole, koma agogo anu mpaka lero amati linali dzina. Musandiyang'ane choncho a Nabanda, ndavomera, linali dzina. Chimene sindingatsutse n'chakuti ndinaona misozi ikutsika m'masaya mwa bambo anga, munthu amene sanalire ngakhale chaka chimene matalala anatiwonongera fodya yense.

Koma a Nabanda anali atadzitchera okha msampha osadziwa. Mwana ndi wawo, dzina anamenyera okha nkhondo, koma kulitchula sangathe, chifukwa mkati mwake muli apongozi. Ndiye anayamba kumuitana mwana wawo yemwe kuti apongozi. Mukanamva pa esiteti paja madzulo: "Apongozi, tsikani mumtengo wa mangowo!" "Apongozi, mwakodzanso pamphasa?" Ndipo kumukwapula sankatha, dzanja linkangofika m'mwamba n'kubwerera lokha. Azikulu ake atatu aja ankalawa kamtengo akalakwa, koma iye ankangouzidwa kuti, "Apongozi, zimenezi si zabwino." Tadala, ukamadabwa kuti mayi ako liuma analitenga kuti, analitenga pamenepo, theka kwa mwini dzina, theka kwa amene ankaopa kuwamenya.

Bambo anakhalanso ndi moyo mvula zitatu, anthu atawataya kale, ndipo ine ndimati anawasunga ndi mwanayo. Ankakhala naye m'chigafa tsiku lonse, kumugwiritsa tsamba kuti amve ngati lafewa, kumuuza mayina a mapiri a kwathu, iye asanadziwe n'komwe kuyankhula bwino. Chaka chawo chomaliza, mwana wamwamuna uja anabadwa. Ndinathamanga ngati mwana, kufika pakhomo pawo ndikupuma wefuwefu, n'kunena kuti, "Bambo, Paulo wafika!" Iwo anali gone pamphasa, Paulina atakhala pambali pawo akudya chinangwa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Paulo wake uti? Dzina ndinapereka kale, mwini wake ndi uyu. Ndimulande chifukwa chiyani, walakwa chiyani?" Analoza bokosi kuti nditenge kabudula uja ndikamuveke mnyamatayo, ndipo anamutcha Mwachedwa. Ndi amalume ako aja, Tadala, ukawafunse ngati ndikunama.

Anamwalira mvula isanagwe, ndipo tinawaika kumanda a pa esiteti, pakati pa alendo anzawo ochokera m'maboma osiyanasiyana. Kuchokera kwathu ku Phalombe sikunabwere munthu, uthenga sunafike. Patapita zaka esiteti ija inasintha eni ake, matenanti akale anabalalika, ifenso tinapeza kamalo kano, ndipo mtanda wa thabwa umene ndinakhoma pamanda paja chiswe chinadya. Zonse zimene bambo ankaopa zinachitika ndithu, m'nyumba mwawo munagona anthu ena amene sanawamvepo.

Tsono iwe Tadala unali kusukulu chaka chimene kunabwera mlendo, bambo wachikulire wa kachikwama m'manja. Anali mwana wa mlongo wawo wa bambo anga, ndipo mayi ake pomwalira anamulamula kuti akafunefune kumene mlongo wawo anathera. Anafika pa esiteti paja, anafunsa za a Paulo a ku Phalombe, palibe anawadziwa. Anafunsa za ine Yosefe, anamuonetsa a Yosefe atatu, onse olakwika. Atatopa, akudikira basi pa Nkhamenya kuti azibwerera, anadandaulira mayi wina wogulitsa tomato, ndipo mayiyo anati, "A Paulo sindikuwadziwa, koma kuseri uku kuli mayi wina wolima fodya, a Paulina, amene mayi awo omwe amawaitana kuti apongozi. Akuti anatengera dzina la agogo awo obwera."

Anafika pano dzuwa likupendeka, ndipo anapeza mayi ako ali m'chigafa chino, manja ali bii ndi fodya. Atamva dzina lawo, ndi kumene linachokera, bambo wa imvi uja anaika kachikwama pansi, anagwada pafumbi pamaso pa mwana wanga wamkazi, n'kunena kuti, "Amalume, takusowani." Ine ndinalira, ana inu, sindibisa. Ndipo amene anamutsogolera kumanda anali Paulina yemweyo, chifukwa ine maso anali atayamba kale kundinamiza, koma iye ankapitako chaka chilichonse kukalambula, ndipo anali atadzalapo mtengo wa mango. Mwachedwa, mwini kabudula, njira yake sankaidziwa.

Ndiye a Kondwani, tengani foni yanu ija, sindikukuletsani. Mwanayo ndi wanu, mumutche limene mitima yanu yakonda, lachizungu kapena lathu, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti mukanapeza wamwamuna zikanakhala bwino, chifukwa ine ndinataya zaka zambiri ndikuchita manyazi ndi chuma chili m'nyumba. Koma musanasankhe, muyang'aneko kumbuyo kwanu, kwanu ndi kuno komwe, muone ngati palibe wina amene wakhala phee pakhonde ndi dzina lake m'manja, akuchita manyazi kupempha. Ine sindikupempha kanthu ayi. A Nabanda, mukusekanji? Tambala wofiira amene ndakhala ndikukuletsani kupha uja ndimangomukonda kulira kwake basi. Kungoti, Tadala mdzukulu wanga, akatekisiti aja ananenanso tsiku lomwelo kuti dzina la Yosefe nalonso lili ndi mlongo wake.