Mayi Amene Anaimitsa Lole ndi Ndodo Ziwiri

Malemu azakhali anga, mayi Mianda Mukonkole, anabadwa pa 9 Epulo 1941 konkuno ku Mpaza. Akuluakulu a mudzi ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ine Kalonda Nsapu ndayenda maiko khumi ndi anayi ndi malonda anga. Ndadya ndi eni sitima ku Dar es Salaam, ndagona nyumba zosanja makumi asanu ku Dubai. Koma konseko sindinaone munthu woimitsa lole yamatani khumi ndi ndodo ziwiri. Amene anachita zimenezo ndi awa agona m'bokosimu!

Mu 1949 analowa sukulu ya asisitere ku Tshofa. Anasiyira kalasi yachitatu mayi awo atamwalira, kuti alere alongo awo aang'ono, mmodzi mwa iwo bambo anga. Mu 1960 anakwatiwa ndi bambo Mudimbi Lubamba, katswiri woyenga mafuta a kanjedza, amene anatsogola mu 1998. Anabereka nawo ana asanu ndi mmodzi.

Mu 1974 chikuku chitatha ana m'mudzi muno, makolo anaitana mmisiri kuti aseme nkishi watsopano, chiboliboli cha mizimu choteteza mudzi, sing'anga n'kuthira mankhwala m'nyanga ya pamutu ndi pamchombo. Ndiye Ya Lupata wathuyu, wa mkuwa kumasoyu. Malemu anamulota katatu, akuluakulu n'kuwasankha kukhala msungi wake. Zaka makumi asanu akhala akumudzoza mafuta ndi nthenga, osamukhudza ndi dzanja ngakhale kamodzi, poti nkishi wa mudzi sagwiridwa. Mwezi ukaoneka ankamangirira ndodo ziwiri m'khwapa mwake, amuna awiri n'kumuyendetsa khomo ndi khomo kupirikitsa zoipa.

Tsono mu Ogasiti 2011 kunapezeka wakuba. Musayang'anane, wakubayo ndinali ine. Ndinali nditapeza wogula ku Lubumbashi. Mudzi wonse uli kuuzimba, ndinalowa m'kanyumba ka Ya Lupata, n'kumukumbatira ndi manja awa, n'kumubisa pansi pa matumba a mtedza m'lole yanga. Ndodo zija ndinazisiya, ndimvekere ndi nkhuni chabe.

Malemu, a zaka makumi asanu ndi awiri, anakwera njinga yakabaza ndodo zili paphewa, makilomita khumi ndi asanu ndi atatu mpaka padoko la mtsinje wa Lomami. Anapeza lole yanga ili yachiwiri pamzere wolowa m'chombo. Sanakuwe ayi. Anagoneka ndodozo kutsogolo kwa matayala, n'kukhala pansi. Oyendetsa chombo, ana a dera lino, atangoziona anazimitsa injini.

Anati, "Kalonda, mwana wa mlongo wanga, mimba yokha ndiyo ikukula, nzeru ayi? Ndodo waiwalatu. Nanga mwini wakeyo wamunyamula ndi chiyani?"

Ndinati, "Azakhali, umu ndi mtedza wokhawokha."

"Chabwino. Woloka nawo mtedza wakowo, tione ngati madziwa aulole."

Dalaivala wanga, munthu wa ku Kamina wosaopa ndi asilikali omwe, anatsika n'kundiponyera makiyi. "Bwana, yendetsani nokha. Ine ndili ndi ana."

Dzuwa likupendeka ndinagonja. Malemu anamanga ndodo okha, ine kutsogolo, dalaivala kumbuyo, ulendo wapansi wobwerera kuno, nsapato zanga za ku Italy zikuyasama njira yonse. Iwo pambuyo akuimba, anthu akutuluka m'midzi kudzaona. Ndani wina anachitapo zotere? Palibe!

Chindapusa anagamula okha: mbuzi zisanu ndi ziwiri, zokoka ine mwini ndi chingwe, wapansi, kuchokera padoko lomwe lija, mudzi ukuona. Zisanafike, Ya Lupata sadzatulukanso, poti manja anamudetsa. Koma ine ndinachita manyazi kukoka mbuzi anthu akuona. Ndinatumiza malata makumi anayi, anabweza. Ndinatumiza mbuzi makumi awiri pa lole, anabwezanso, amvekere, "Mbuzi zokwera galimoto ngati akwati, Ya Lupata sazidziwa." Zaka khumi ndi zitatu nkishi wakhala wotsekeredwa. Mwana akatentha thupi m'mudzi muno, mukudziwa nokha dzina limene linkatchulidwa.

Mu Meyi chaka chino miyendo inayamba kuwatupa. Anagonekedwa m'chipatala ku Kabinda miyezi iwiri, kenako anapempha kubwerera kwawo. Lamlungu anandiimbira foni ndili ku Kolwezi. Mawu anali otsika, koma lilime lomwe lija: "Iwe wamalolewe, ndikupita kwa makolo. Akandifunsa chifukwa chake Ya Lupata sakuyenda, nditchule dzina la ndani?" Lolemba, pa 2 Seputembala 2024, anatisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu.

Asiya ana anayi: mayi Kaseba, bambo Ebondo, bambo Mulenda ndi mayi Malela, zidzukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi zidzukulutudzi zisanu. Banja likuthokoza anamwino a ku Kabinda, amayi amene mwasinja chinangwa chikhalire dzana, adzukulu okumba manda, ndi oyendetsa chombo amene awolotsa olira onse osalandira kanthu.

Ena munadabwa kuti mwini malole asanu ndi anayi wafika mochedwa pamaliro a azakhali ake, fumbi mpaka m'maondo, zikhatho zili zotupa. Tembenukani muone patsinde pa mango apo. Ndanyamuka nazo padoko m'mawa uno, chingwe m'manja, ndipo imodzi yandigwetsa kawiri pamaso pa ana asukulu. Mayi Kaseba, amene akuluakulu awasankha kulowa ntchito ya mayi awo, aziwerenga ndipo azilandira. Mwezi ukaoneka mawa, Ya Lupata atuluka!

Azakhali, makolo akakufunsani, muwauze kuti zakwana: mbuzi zisanu ndi ziwiri, zonse zoyenda pansi. Mzimu wanu uuse mumtendere.